Loweruka Lili ndi Eni Ake

Ndimakhala ku Chilomoni, m'nyumba ya lendi imene khonde lake linayang'ana phiri la Michiru. Ntchito ndimagwira ku Limbe, ya ukalaliki, mu ofesi imene sindiitchula dzina chifukwa ana akadali pasukulu. Pakati pa Chilomoni ndi Limbe pali maminibasi awiri, ndipo pakati pa Lolemba ndi Lachisanu palibe mpata ngakhale wosongola pensulo. Matenda anga ndi amodzi: ndimakonda kujambula. Anandiyamba ndili mwana, nthawi imene ndinkakopera Pewani ndi Zabweka a Brian Hara m'nyuzipepala zimene bambo ankabwera nazo kunyumba, ndipo mpaka lero sanapole.

Pa 15 Januwale, tsiku la Chilembwe, ndinakhala pakhonde ndi kope latsopano n'kulumbira pamaso pa mayi a kunyumba kuti phiri limeneli ndilijambula lonse dzuwa lisanalowe. Pamene ndikulemba pano mvula yoyamba yagwa, anthu ali pakalikiliki kudzala, ndipo phiri lija lili ndi mbali imodzi. Zimene zinadya mbali inayo ndi izi.

* * *

Mapensulo ojambulira ali ndi zilembo kumchira. H ndi youma, imalemba motuwa. B ndi yofewa, imalemba mwakuda, ndipo nambala ikamakwera kudako kumakulanso. Ndinalowa m'sitolo ina ya zolembera mu Limbe n'kufunsa 6B.

Mtsikana wogulitsa anandiyang'ana kuyambira padazi mpaka kunsapato. "Mwana wanu ali 6B? Sukulu yake iti?"

"Ayi achemwali, ndi yanga."

"Pepani bambo, sindimadziwa. Koma mwachita bwino kubwerera. Sukulu siona msinkhu."

Kunyumba mwana wanga wamwamuna anatola HB n'kupita nayo kusukulu. Anakauza anzake kuti HB ndi Head Boy, ndipo bambo ake amugulira kale pensulo ya udindo. Madzulo inabwera itatsala ngati chala chaching'ono. Kalasi yonse inaisongolako ndi lezala, aliyense kufuna kulawa ufumu.

* * *

Chichewa chathu chinachita ulesi pa mawu amodzi. Wa kamera amajambula, wa pensulo amajambula, woimba akalowa mu situdiyo amajambula, ndipo kuchipatala akafuna kuona nthiti zako amakujambulanso. Azakhali anga atamva kuti mwana wa achimwene awo amajambula, anaimirira pa komiti ya chinkhoswe cha msuweni wanga ku Bangwe n'kulamula kuti ndalama ya wojambula ifufutidwe pa bajeti, m'banja muno alimo kale.

Ine ndinamva kukoma. Ndinafika ndi kope m'khwapa, mapensulo anayi m'thumba la malaya. Azakhali atafunsa kuti zipangizo zili kuti, ndinaloza pachifuwa. Iwo anangoti ndi makamera amakono aja ang'onoang'ono.

Anabwera atsikana ofundidwa zitenje kuti mnyamata asankhe wake, ine ndili pa khutu la mnyamatayo. Ankhoswe anasinthana tambala ndi msoti, ine ndikadali pa khutu. Anapereka khasu, nkhwangwa, lichero ndi mthiko, nthungululu zili wayawaya, ine ndikufufuta khutu lija kuti ndiyambirenso chifukwa mwini wake watembenuka. Mwambo utatha azakhali anati, "Tationetsa, mwanangu."

Anayang'ana kopelo nthawi yaitali. "Chinkhoswe chonse chija, mpunga matumba awiri, mbuzi yonse ija, chatsala ndi khutu?"

Mpaka lero banja lija lilibe chithunzi cha chinkhoswe, kupatula za pa foni za anthu odukaduka mitu. Khutu analiika m'felemu pabalaza. Msuweni wanga amati ndi umboni woti nthawi ina mwamuna wake anali nalo khutu lomvera.

Sabata yomweyo agogo anatuma mwana kuchokera ku Lunzu. Chifuwa chawavuta, ndipite ndikawajambule, kuchipatala mzere watalika.

* * *

Kuofesi ndinali wolemba maminitsi. Misonkhano yathu imayamba 9 koloko n'kutha pamene masamusa athera. Abwana akayamba za masomphenya a kampani, dzanja langa limayenda lokha. Tsiku lina linayenda mpaka linatulutsa abwanawo m'mphepete mwa pepala: magalasi pansonga ya mphuno, khosi la mizere itatu, tayi atagona pamimba ngati mwana woberekedwa kutsogolo. Mesenjala wathu, munthu wachangu pa zinthu zosafuna changu, anatenga pepalalo n'kuchita fotokope makope 14.

Anandiitana. Ndinalowa nditatsanzikana kale ndi penshoni mumtima.

"Uyu ndi ndani?"

Kukhosi kunauma. "Ndi abwana a ku nthambi ya Lilongwe, bwana."

Anavula magalasi, kuyang'anitsitsa, kenaka anaseka mpaka kutsokomola. "Ndi yemweyo! Taona khosi lakelo! Iwe luso uli nalo." Anachimata pakhoma kuseri kwa mpando wawo.

Patapita mwezi, abwana a ku Lilongwe anabwera kudzatiyendera. Atangolowa, maso anagwera pakhoma. "Achimwene, koma ndiye anakujambulani bwino! Ngati mulankhula!" Anachipempha, anachimatula okha, anapita nacho ku Lilongwe.

Kuyambira tsiku limenelo maminitsi amalemba wina. Ine ndimawerenga katundu kumosungira, kumene kulibe nkhope ya munthu.

* * *

Chaka chili ndi masiku a Loweruka 52. Ndinkaganiza kuti mwina khumi mwa amenewa ndi anga, mpaka nditatenga kalendala n'kuyamba kuchonga. La kumapeto kwa mwezi ndi la maukwati, chifukwa eni ukwati amadziwa tsiku lolowa malipiro kuposa a ku akaunti. Lotsatira ndi la bridal shower, kumene ine sindiitanidwa koma ndimatsala ndi ana. Linzake ndi la kwaya. Lotsalalo limadikira maliro, amene sapangana tsiku ndi munthu. Lamulungu m'mawa kutchalitchi, masana banki m'khonde, madzulo komiti ya ukwati wa mwezi wamawa.

Ndinaika chiyembekezo pa maholide. Pa 3 Malichi kunatulukira alamu anga a ku Mulanje ndi zinanazi ziwiri ndi nkhani za maola asanu ndi anayi. Pa 1 Meyi, tsiku la apantchito, abwana anati tibwere tidzamalize malipoti popeza kulibe makasitomala otisokoneza. Pa 14 Meyi tinakakolola kumudzi. Pa 6 Julayi ndinati lero ufulu ndi wanganso. Ndinadzuka 5 koloko, kuyala zonse pakhonde, tiyi pambali, foni nditazima.

Chiperoni chinali chitakuta Michiru yense. Ndinakhala maola atatu ndikuyang'ana pamene panali phiri, manja ali gwa ndi chisanu. Mayi a kunyumba anasuzumira pa pepala loyera mbee, anayang'ana kuphiri, anayang'ananso pa pepala.

"Lero ndiye mwafanizira, abambo."

* * *

Nditaona kuti nthawi palibe amene adzandigawire, ndinayamba kuba. Malo oyamba kubako ndi mu minibasi ya Highway yopita ku Limbe. Vuto ndi loti mpando wa anthu atatu umakhala ndi anayi, ndipo chigongono chako chimakhala m'nthiti za mwini wake. Dalaivala akaponda buleki pa Ginnery Corner, mphuno imene umajambula imakathera kukhutu. Komanso mu minibasi mulibe chinsinsi, aliyense ndi mphunzitsi.

"Ameneyo ndi kondakitala? Mutu mwachepetsa."

"Muonjezere mano, amatuluka awiri."

Kondakitala anatembenuka, kulanda kope, kudziyang'ana mbali zonse. "Madala, chenji chanu cha K200 chija chalowa pamenepa. Nkhope yanga si yaulere."

Tsiku lina ndinkajambula duku la mayi amene anakhala kutsogolo kwanga, duku lokha, mmene analimangira mfundo pankhongo. Mnzawo anawatsina. Anatembenuka maso ali psuu. "Bambo inu, mukundilemba chifukwa chiyani? Mukufuna mukandikhwimire?"

Minibasi yonse zii. Wina kumbuyo anayamba pemphero. Ndinang'amba pepala n'kuwapatsa ndi manja awiri. Analiyang'ana, kulipinda bwinobwino, kuliika m'chikwama. Potsika pa Chichiri anasuzumira pawindo. "Tsiku lina muziyamba mwapempha. Ndikanavala la ku ukwati."

* * *

Ku banki m'khonde ndinapempha ngongole yogulira penti ndi mabulashi. Amayi apampando anatsitsa magalasi.

"Bizinesi yanji imeneyo?"

"Si bizinesi, amayi. Ndimangokonda."

"Kukonda kumabweza chiwongoladzanja?"

Anandituma kuti ndikaime kuseri kwa nyumba akambirane. Nditabwerera anati ngongole ayi, koma popeza dzanja langa ndi lowongoka, gulu lagwirizana kuti ndizilemba mizere m'buku la masheya, kuleka kugula la mizere kale limene ndi lodula. Masamba 96, lililonse mizere 14 yotsika. Ndinathera mausiku atatu ndi lula. Lamulungu lotsatira ndinafika mochedwa chifukwa cha buku lomwelo, ndipo anandilipiritsa K500 ya kuchedwa. Analemba dzina langa pa mzere umene ndinajambula ndekha.

* * *

Pa ukwati wa mnzanga wa kuofesi anandiika pa tebulo la osintha ndalama. Amene munakhalapo pa perekaniperekani mukuidziwa ntchito yake. Munthu amabwera ndi K2,000 imodzi, iwe umupatse ma K50 ndi ma K100 kuti akavine nthawi yaitali akuponya, anthu aziti kwabwera mpondamatiki.

MC akuitana a kuchimuna, ine ndinatola K200 n'kuyamba kuyang'ana nkhope ya mayi Rose Chibambo. Amene anajambula ndalama zathu sanapake mthunzi. Nkhope yonse ndi timizere ting'onoting'ono, pamdima tothinana, powala totayana. Ndinatenga K2,000, Chilembwe chimodzimodzi. Ndinaiyandikitsa kumaso, kuitembenuzira kuwindo, kuipapasa ndi chala, kutulutsa pensulo.

Nditadzutsa mutu, mzere unali utafika pakhomo la holo, nyimbo itabwerezedwa kachitatu, akwati manja atatopa ndi kugwira beseni, ndipo apampando a komiti ataima pambali panga ndi anyamata awiri a zifuwa. Anandisecha matumba onse. Anapeza labala, lezala ndi tikiti ya basi ya chaka chatha.

Alamu anga a ku Mulanje ndi amene anandiombola. Koma potuluka anandikokera kuseri kwa jenereta. "Alamu, Chilembwe wanu uja ndamuona. Wafanana ndithu. Nanga manambala aja simungathenso?"

* * *

Malo achiwiri kubako nthawi ndi usiku, ana atagona. Koma magetsi a kwathu amadziwa ndandanda yanga kuposa abwana. Ndikangotsegula kope, mdima bii. Usiku wina ndinati sindigonja. Ndinayatsa kandulo, kupapasa pa tebulo la kuchipinda, kupeza pensulo, n'kuyamba kudetsa mthunzi wa phiri. Sindinagwirepo pensulo yofewa chotero. Inkangoterereka ngati majarini pa buledi wotentha. Ndinagona ndikudzitamandira.

M'mawa wa Lamulungu kunamveka mfuu kuchipinda. "Abambo, pensulo yanga ya nsidze yatha bwanji usiku umodzi?"

Nthawi ya tchalitchi inali itakwana, ndiye anangotola 6B yanga. Tsiku lonse nsidze zinkanyezimira ngati malata atsopano. Amayi anzawo atafunsa kumene anaigula, iwo anayankha kuti ndi za ku Joni. Pofika pano ndagulitsa ziwiri kwa amayi a kwaya pa mtengo wowirikiza. Imeneyo ndiye ndalama yokha imene luso langa labweretsa pakhomo pano.

Pofuna kupepesa, ndinawajambula iwo eni, mausiku asanu, n'kuponya chithunzicho pa gulu la banja pa WhatsApp. Ndinaiwala kuti kwathu kuno chithunzi chakuda ndi choyera chimabwera ndi uthenga umodzi wokha. Pasanathe mphindi ziwiri wina analemba, "Chachitika n'chiyani?" Wina, "Tikumana pati?" Kenaka azakhali aja: "Mwachita bwino kuwakumbukira agogo aakazi. Mzimu wawo uuse mumtendere."

Masiku awiri nsima ndinkaipeza pa tebulo yopanda moni.

* * *

Mbiri itawanda kuti bambo a nyumba ya pakona amajambula, ana a mdera lonse anandipeza. Ndikafika 7 koloko madzulo, nsapato ndisanavule, pakhonde pali mzere ngati pachigayo. Uyu mapu a Malawi, uyu mtima wa munthu, uyu homuweki ya Expressive Arts. Mapu a Malawi tsopano ndimajambula nditatsinzina: nyanja kumanja, Nsanje kumunsi, Likoma ndi Chizumulu timadontho tiwiri.

Mwana wa aneba anabwera ndi chiwala. Chimenecho ndinachichitira khama. Ndinatuma ana akagwire chenicheni, ndinachiika m'botolo, kuwerenga miyendo isanu ndi umodzi, kujambula ngakhale timinga ta m'miyendo yakumbuyo, kupaka mthunzi pansi pa mapiko mpaka chinaoneka ngati chidumpha.

Mawa lake kope linabwera. Aphunzitsi anapereka 4 pa 10, n'kulemba ndi bolopeni yofiira kuti pa sayansi sitipaka mithunzi, ndiponso akamuuze amene anamujambulirayo kuti achepetse matama. Aneba sanandipatse moni masiku atatu, ati ndagwetsa mwana wawo. Chiwala chija anakazinga ana omwewo.

* * *

Wometa wa pamsika anandipempha ndimujambulire chikwangwani, mitu isanu ndi umodzi, uliwonse ndi kametedwe kake. Ndinathera madzulo anayi, penti wanga, bulashi yanga. Titafika pa nkhani ya malipiro anakanda m'mutu.

"Madala, ndalama ikuvuta. Koma chaka chonse muzimeta ulere."

Ndinavula chipewa. Dazi langa linayamba ndili ndi zaka 28 ndipo pano lafika pankhongo. Anayang'ana osaseka n'komwe. "Ndiye mwapindula. Ndevu ndiziwerengera momwemo."

Sabata isanathe anabwera kudzadandaula. Mutu wachitatu wafanana ndi mkulu wina wa mpingo wa m'dera lathu, ndipo anthu ayamba kuwafunsa kuti panki anayamba liti kumeta.

* * *

Anzanga amati mwamuna wa mu Blantyre wosapita ku mpira wa Maule ndi Manoma ayenera kupimidwa. Anandikokera pa Kamuzu Stadium, ine kope m'thumba la jekete. Osewera mpira sajambulika. Ukati uyambe mwendo, munthu ali kale kugolo lina. Woima malo amodzi ndi goloboyi yekha, choncho ndinayamba iyeyo, wa timu imene anzanga amadana nayo.

Ndili pa magolovesi, sitandi yonse inadumpha. Wina anandithira thobwa pamsana, wina anandikumbatira osandidziwa.

"Wagoletsa ndani?" ndinafunsa.

Bambo wa pambali panga anayang'ana kope, anayang'ana ine. "Achimwene, munalipira pageti kudzalemba mayeso?" Ataona amene ndajambula, anaitana anzake. Sanandilole kutuluka mpaka nditaonjezera mpira mu ukonde kumbuyo kwa goloboyiyo, ndi misozi iwiri patsaya.

* * *

Loweruka lina la mu Seputembala ndinakonza chiwembu. Panali zinthu zitatu: ukwati wa mwana wa abwana, kwaya, ndi mpira masana. Abwana ndinawauza kuti kwaya yathu ikupita ku Zomba. A kwaya ndinawauza kuti kuofesi tikuwerenga katundu. Anzanga a mpira ndinawauza kuti malungo andigwira. Kenaka ndinakabisala pa kapinga wa ku Blantyre Mission kuti ndijambule tchalitchi cha St Michael and All Angels.

Nyumba imeneyo ndi sukulu payokha. Inamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott amene sanaphunzirepo zomangamanga, ndi amisiri a konkuno amene anaumba ndi kuotcha okha njerwa za maonekedwe osiyanasiyana. Iwo tchalitchi chonse zaka zitatu. Ine maola awiri ndinali nditamaliza windo limodzi.

Ndili mkati mowerenga njerwa za pamwamba pa khomo, chitseko chinatseguka, nthungululu zinaphulika. Khadi la ukwati lija sindinaliwerenge mpaka kumunsi. Pambuyo pa akwati panatuluka abwana, suti yakuda, duwa pachifuwa. Pambuyo pawo kwaya yathu, imene ndinajomba katatu osadziwa kuti ikukonzekera ukwati womwewu. Ndipo woyendetsa galimoto ya akwati, maliboni ali petupetu, anali mnzanga wa mpira amene m'mawa womwewo anandiuza kuti ndimwe LA.

Abwana anati, "Zomba yasendera pafupi masiku ano."

Akulu a kwaya anati, "Katundu wake ndi njerwa?"

Mnzanga anangondigwira pamphumi.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndinali ndi atatu. Abwana anandipatsa ambulera kuti ndiziphimba akwati padzuwa pamene wojambula weniweni, wa kamera, ankagwira ntchito yake.

* * *

Pamaliro sitiseka, koma amene anagonapo panja pasiwa akudziwa kutalika kwa usiku. Amayi ali m'nyumba ndi nyimbo, ife abambo tazungulira moto. Ikamakwana 2 koloko nkhani za mpira ndi za mtengo wa feteleza zatha, aliyense mutu wagwera pachifuwa. Kwa wojambula imeneyo ndiye nthawi ya madalitso: anthu khumi osagwedezeka, kuwala kukuchokera mbali imodzi, makala ali pomwepo aulere. Ndinang'amba katoni ya shuga n'kujambula akulu ena a m'mudzimo amene anakhala moyang'anana nane. Sindinajambulepo chithunzi chabwino ngati chimenecho.

Kutacha anachiona. Ndodo inanjenjemera m'manja. "Mwana iwe, wandijambula maso otseka, kukamwa kuli yasa, pamaliro? Ukundilosera chiyani?"

Nkhani inafika kwa anyakwawa. Anagamula kuti ndiwatsegule maso pamaso pa anthu onse. Ndinatola khala, kugwada, kuwatsegula. Akuluwo anayang'anitsitsa, n'kugwedeza mutu. "Eya. Tsopano ndadzuka."

Katoni anapita nayo kwawo. Nkhuku ya chindapusa anandikhululukira.

* * *

Tsiku la anakubala ndi 15 Okutobala, ndipo chaka chilichonse limagwa pakati pa mwezi, pamene m'thumba mumangolira makiyi. Chitenje cha apongozi sindikanakwanitsa. Ndinauza mayi a kunyumba kuti ndikawajambula, mphatso yosasuluka ngakhale itachapidwa ndi maso zaka makumi awiri. Tinakwera basi ya ku Dedza.

Apongozi anasamba, kuvala chilundu cha kutchalitchi, kukhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinakhala pa mpando chapatali ndithu. Apa m'pamene ndinakumbukira chimene ndinaiwala: mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Zaka 12 za ukwati, mawu awo ndimawadziwa, kutsokomola kwawo ndimakudziwa, koma nkhope ndimangoionera m'mbali ngati kadamsana. Ndikati ndidzutse maso, iwo aweramitsa awo. Akati adzutse, ine ndagwetsa anga. Mkazi wanga ali pakati, kuseka kukumupweteka m'nthiti.

Patatha ola ndi theka ndinapereka pepala kudzera mwa mwana wawo. Panali mapazi awiri, zala khumi, zikang'a za kuchidendene, mphonje ya chitenje, ndi nkhuku imene inadutsa.

Apongozi anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anauza mwana wawo, "Uwathokoze bambowa. Mapazi ndi angadi. Ndiye popeza saizi aidziwa tsopano, pa Khirisimasi asavutike n'kufunsa."

* * *

Pobwerera ndinaumirira kuti tipatukire ku Chongoni. M'mapiri a kumeneko muli malo 127 amene makolo anajambula pamiyala, ndipo UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, ndi za Akafula. Zoyera, zina ngati nyama zotambasula miyendo, zina ngati zilombo za kudambwe, anajambula makolo a Achewa ndi dothi loyera. Ndinaima pansi pa thanthwe nditatukumula chifuwa.

"Mukuona, amayi? Anthu awa ankalima, ankasaka, ankalera ana, koma nthawi yojambula anaipeza. Lero anthu akukwera ndege kudzaona."

Iwo anatsegula botolo la thobwa, kumwa, kupukuta pakamwa. "Anaipeza chifukwa analibe WhatsApp. Inu muli m'magulu 11."

Foni inalira m'thumba pomwepo. Linali gulu lachikhumi ndi chiwiri, komiti ya ukwati wa mu Disembala. Anali atandisankha kale kukhala mlembi.

* * *

Sabata yatha ndinabwerera kuphiri langa, ndipo ndinapeza kuti pamene ine ndinkazengereza, ena sanazengereze. Mbali imene ndinajambula mu Januwale inali yobiriwira. Lero pena papsa ndi moto wa m'chilimwe, pena pametedwa mpala ndi ootcha makala. Kuti chithunzi chifanane ndi phiri, labala ndiye akugwira ntchito kuposa pensulo.

Ndinakhala pakhonde n'kuyamba kuwerenga pa zala. Khutu lili m'felemu ku Bangwe. Khosi lili pakhoma ku Lilongwe. Duku lili m'chikwama cha mayi wa pa Chichiri, mitu isanu ndi umodzi ili pamsika, katoni ili kumudzi, mapazi ali ku Dedza. Zonse zimene ndinajambula mothamanga, pakati pa anthu ondidyera nthawi, zinatha ndipo zili ndi eni ake. Chokhacho chimene ndinachipatulira tsiku, n'kumachisamala ngati dzira, ndicho chosatha. Ndinang'amba pepalalo m'kope n'kulisiya pa tebulo kuti Loweruka ndilimalize, zivute zitani.

Mng'ono wawo wa mayi a kunyumba amagulitsa mandasi pa siteji. Lachinayi mapepala okulungira anamuthera.

Choncho, owerenga, ngati Lachinayi lapitali munagula mandasi ku Chilomoni n'kupeza kuti akukulungirani m'phiri la mbali imodzi, chonde musataye. Za mafutawo musadandaule, ndidzati ndi mitambo. Bweretsani Loweruka likubwerali. Mukapanda kundipeza pakhomo, ndili ku komiti.